Mutu 6: Lole ya Azakhali a Yang Ikana Chitunda

1. Tsiku la chidindo

Disembala akakwana kuno pachilumba cha Jeju, munthu wogula manachesi kumsika ndiye kuti alibe mnansi. Aliyense wobwera ku galaja ya a Bu ankasiya thumba pakhomo. Manachesi anadzaza pa shelefu ya mafuta, pansi pa tebulo, mpaka m'kati mwa matayala akale. A Bu ankadandaula tsiku lililonse, koma ankadandaula akusenda.

Lachisanu limenelo Hyeon Dasom analawirira kuposa onse. Anali mtsikana wa kalasi yomaliza kusukulu ya ntchito zamanja, ndipo masabata ake anayi oyesedwa pa galajayo ankatha tsiku lomwelo. M'thumba la ovolosi yake munali pepala la kusukulu lopindidwa kanayi. Linkasowa chinthu chimodzi chokha, chidindo chofiira cha a Bu.

Pangano la kunyumba linali losavuta. Pepala likadindidwa, Dasom akhala makaniko. Likabwerera loyera, Lolemba akayamba kutsuka mbale ku hotela ya kugombe, kumene mayi ake anali atamupezera kale malo. Ine ndinamuonapo mtsikanayu akutsuka mbale, ndipo ndinamvera chisoni mbalezo.

A Bu anakhala pampando wawo pafupi ndi mbaula, nanena mwambo wawo wa chaka chilichonse.

"Tsiku lomaliza sindisankha galimoto. Yoyamba kulowa pagetipo ndi yako, kaya ndi ya bwana kaya ndi yonyamula manyowa. Ikatuluka yochira isanakwane folo koloko, ndidinda. Ine sindigwira sipanala, ndipo Pilgyu akhala wokupatsira zida basi."

Pilgyu anali makaniko wamkulu wa pamenepo, mnyamata wanthabwala amene anali atagwira ntchitoyo zaka zisanu ndi zitatu. Anamukodola Dasom ndi chigongono.

"Pemphera kuti ilowe njinga, mchemwali."

Sinalowe njinga. Inalowa lole yaing'ono yabuluu, ikuyenda ngati yanyamula mudzi wonse pomwe kumbuyo kunali mabokosi opanda kanthu. Kumwetulira kwa Pilgyu kunathera pomwepo, chifukwa loleyo ankaidziwa.

Anatsika Azakhali a Yang. Sanali achibale a Dasom, koma pachilumba pano mayi aliyense wamkulu ndi azakhali ako. Anakhala zaka makumi anayi akumira m'nyanja kutola nkhono, madzi nawaononga makutu, moti akamanong'ona anthu a tsidya la msewu amayankha.

"Iwe Bu, lole yanga yakananso chitunda," anatero, poti a Bu anaphunzira nawo kalasi imodzi. "Sabata yatha munati mwaika chinthu chatsopano. Chatsopano chake chiti? Lero ndikukwera kumunda, andipitirira agogo ena pa njinga, mpaka kundibayibitsa."

"Dandaulo lako lipite kwa uyo," anatero a Bu, akuloza Dasom ndi khoko la nachesi. "Lero mwini galaja ndi iyeyo."

2. Njira yachidule

Injini ya malole amenewa imakhala pansi pa mpando. Dasom anatukula mpandowo, nalumikiza makina opimira pansi pa chiwongolero. Pa dashibodi nyale yachikasu ya injini inali ikuyaka. Makinawo analemba kuti vuto lili pa magetsi a valavu yobweza utsi.

Valavu imeneyi ntchito yake ndi kubweza utsi pang'ono mu injini kuti moto usakule mopitirira, mpweya woipa uchepe. Imatseguka ndi kutsekeka molamulidwa ndi kompyuta ya galimoto, ndipo imayenera kumaiuza kompyutayo pamene yafika. Ikangokhala chete, kompyuta imachita mantha n'kuchepetsa mphamvu ya injini. Ndi chifukwa chake agogo a njinga anapambana mpikisano.

Valavu imene inali pamenepo inali yatsopano, yonyezimira. Amene anaiika sabata yapitayo anali Pilgyu.

Pilgyu anabwera ndi bokosi m'manja, nayankhula motsitsa.

"Tamvera mchemwali. Zatsopano zina zimabadwa zodwala kale. Pa shelefu yatsala ina, ndi iyi. Mabawuti anayi, mphindi makumi atatu, ufufute cholakwacho pamakina, nyale izime. Lole ituluka pageti ikuseka, abwana adinda."

"Nanga ikabweranso sabata yamawa, achimwene?"

"Sabata yamawa udzakhala uli wa pano kale. Tidzalira tonse awiri."

Pilgyu sanali munthu woipa. Ankamufunira zabwino mtsikanayo, komanso ankadzifunira zabwino yekha, pakuti valavu ikakhala yolakwa ndiye kuti iye sanalakwe. Dasom analandira bokosilo. Linali lopepuka, ndipo analilakalaka ndithu. Anayang'ana wotchi ya pakhoma, nayang'ana a Bu, amene anali otanganidwa ndi nachesi ngati mulibe munthu wina m'galajamo.

Kenako anabweza bokosilo m'manja mwa Pilgyu.

"Achimwene, mundipatsire mita yopimira magetsi ndi mapu a mawaya."

"Wasankha mbale," anatero Pilgyu, koma anakatenga.

3. Mawaya asanu

Anayambira pa fyuzi, ndipo inali yamoyo. Anazula pulagi ya pavalavu n'kuiunika m'kati, poti mphepo ya mchere ya kuno imadya mano a mapulagi mpaka abiriwire. Mano onse asanu anali oyera.

Mapu anasonyeza ntchito ya waya aliyense. Awiri amayendetsa kamota kotsegula valavu. Wachitatu amabweretsa mavoliti asanu kuchokera ku kompyuta, wachinayi amabweza magetsiwo, ndipo wachisanu, wobiriwira, ndiye amanyamula uthenga wa valavu kupita ku kompyuta.

Dasom anatembenuza kiyi osaliza injini, nagusa mita pa waya wachitatu. Mavoliti asanu, osaperewera. Wachinayi anali bwino. Awiri a kamota anawapima kuyambira kupulagi mpaka kukompyuta, ndipo mita inalira kusonyeza kuti njira ndi yotseguka. Wobiriwira nayenso analira bwinobwino.

Anabwereza zonse kachiwiri, kenako kachitatu. Lole yodwala inali ndi mawaya asanu athanzi, ndipo nthawi inali itadutsa thwelofu koloko. Mantha anamugwira Dasom.

"Bwera udye," anaitana a Bu. "Wanjala amapima njala yake."

Anakhala onse anayi mozungulira mbaula, mpunga uli pakati pamodzi ndi kabichi wowawasa watsabola amene azakhali anatulutsa m'lole. Dasom ankangotosatosa mpunga ndi timitengo todyera. A Bu anadya mpaka kukhuta, napukuta pakamwa, n'kuyamba kulankhula akuyang'ana kudenga.

"Ndili wamng'ono ngati iwe, anandipatsa basi imene inkazima yokha. Ndinasintha chinthu choyamba, inabwerera. Ndinasintha chachiwiri, inabwereranso. Pachitatu mphunzitsi wanga anandilanda sipanala n'kundikhazika pansi pafupi ndi dalaivala wa basiyo, nati sindidzuka mpaka nditamva nkhani yonse. Dalaivala uja anangoti, imazima mvula ikagwa. Masabata atatu ine ndikuvutika, munthu wodziwa ali pambali panga akusuta fodya, osafunsidwa.

"Tsono ana inu mumve. Makina opimirawa ali ngati mwana wolira, amaloza pamene pakupweteka koma sanena amene wam'menya. Akalemba kuti magetsi a valavu, sananene kuti valavu. Magetsi ali ndi njira yaitali, ndipo wokonza galimoto ayenera kuiyenda yonse wapansi. Wosintha zitsulo mongoganizira si makaniko, ndi wamaula. Akhoza kulondola kamodzi, anthu n'kumuombera m'manja, koma tsiku lina adzatumiza munthu kumsewu wa kuphiri ndi galimoto yodwala. Ndipo musaiwale kuti mita yoyamba pa galaja ndi mwini galimoto."

Pilgyu anamira m'mbale yake. Dasom anaika timitengo pansi, natembenukira kwa azakhali, n'kukweza mawu kuti amve.

"Azakhali, nyale ija imayaka mukafika pati?"

"Zikanakhala bwino wina akanandifunsa kale," anayankha iwo, akumuyang'ana Pilgyu cham'mbali. "Pamsewu wa tala imayenda ngati mkwatibwi. Ndikangolowa msewu wa miyala wa kumunda, ikadumpha kawiri katatu, basi yayamba matenda ake."

Dasom anadzuka osamaliza mpunga.

4. Zimene tochi inaona

Lole inkadwala ikamagwedezeka, pomwe iye ankaipima ili phee. Anabwezera pulagi pamalo pake, nalowetsa kasingano kumbuyo kwa waya wobiriwira kuti mita izimva uthenga valavu ili yolumikizidwa. Anapatsa Pilgyu mitayo.

"Achimwene, maso pa manambala. Akasuntha munene."

Anayamba kugwedeza mtolo wa mawaya ndi dzanja, pang'onopang'ono, kuchokera pavalavu kutsikira m'munsi. Pafupi ndi pulagi panalibe kanthu. Pakati panalibe kanthu. Analowetsa mkono mpaka paphewa, kuseri kwa injini kumene diso silifika, nagwedeza.

"Ima pomwepo," anatero Pilgyu, nthabwala zitamuthera. "Agwa mpaka ziro. Siya. Abwerera. Gwedezanso. Agwanso."

Dasom anagona pathabwa lokhala ndi timatayala n'kulowa pansi pa lole, tochi ili kukamwa. Choyamba kuona chinali ulusi woyera wambirimbiri, wokulungidwa pa mtolo wa mawaya ndi mfundo yolimba ya anthu a m'nyanja. Pa ulusiwo pankalendewera mutu wa nsomba youma ndi minga ya msana, nyama yonse itatha. Pachitsulo chapafupi panali timanyi takuda tonga mpunga.

Aliyense amadziwa zimene timachita tikagula galimoto. Timathira mowa wa mpunga pa matayala onse anayi, n'kumanga nsomba youma ndi ulusi woyera, poti nsomba sitseka maso ndipo imayang'anira msewu mwini akasinza. Koma anthu amaiika m'bokosi kapena kuseri kwa mpando. Iyi inamangidwa pamalo ofunda, obisika, ndipo khoswe anapeza nyumba ndi ndiwo pamodzi. Nsomba itatha, anapitiriza ndi tepi ndi mphira wa mawaya amene ananunkhira nsomba.

Waya wobiriwira anali atasendeka, mkuwa uli pamtunda. Lole ikaima, ankalendewera osakhudza kanthu. Ikadumpha pamwala, ankagunda chitsulo, uthenga wa valavu n'kuthawira pamenepo.

Dasom anasangalala mpaka tochi inagwa kukamwa n'kumumenya pachipumi. Pilgyu anasuzumira, naona, nagwira pakamwa kuti asaseke. Kenako ananong'ona.

"Konza waya, minga utaye kuseri, pakamwa utseke. Ukawauza mayi awa kuti nsomba yawo ya mwayi ndiyo yadwalitsa lole, akumeza ndi ovolosi yomwe. Chaka chatha anathamangitsa wa positi ndi dengu chifukwa chowauza kuti alemba adilesi molakwika."

Zinali zoona. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo apa mkhate wake unali Azakhali a Yang.

Dasom anayamba ndi ntchito ya manja. Anadula mbali yodyedwayo, nalumikiza waya watsopano, nawotcherera mfundo zonse ziwiri n'kuziveka mphira. Anaunika mawaya oyandikana nawo, napeza wina atayamba kulumidwa, namukonzanso. Anakulunga mtolo wonse ndi tepi, n'kuumangirira kutali ndi chitsulo. Pilgyu anagwedeza mwamphamvu, ndipo manambala sanasunthe.

5. Mutu wa nsomba pathireyi

Dasom akanatha kukhala chete za nsomba ija. Waya anali atachira, ndipo chidindo sichinkafuna zambiri. Koma anthu akaona nsomba yatha amamanga ina, ndipo azakhali akanaimanga pamalo omwewo.

Dasom anatenga thireyi ya mabawuti, naipukuta, naikapo mutu wa nsomba, ulusi ndi kachidutswa ka waya wodyedwa. Anainyamula ndi manja awiri mpaka pamene azakhali anakhala, nawerama. Pilgyu anali atapeza kale ntchito yofunika kwambiri kuseri kwa matayala.

"Azakhali, pepani, ndine mwana. Koma chimene chinadwalitsa lole ndi ichi. Nsomba inaitana khoswe, khoswe anadya waya. Mukamanganso pamalo aja, idwalanso."

Azakhali anayang'ana thireyi. Anatola mutu uja, naupenda uku ndi uku. Nkhope yawo sinkaonetsa chilichonse, ndipo a Bu anasiya kusenda.

"Miyezi isanu ndi itatu," anatero pomaliza. "Miyezi isanu ndi itatu ndikuigwadira lole iyi m'mawa uliwonse, osadziwa kuti ndikugwadira khoswe."

Anaseka mpaka misozi, akumenya bondo la a Bu, amene sanalakwe kanthu. A Bu anaseka nawo akusisita bondolo. Pilgyu anatuluka kuseri kwa matayala ataona kuti kunja kwacha.

"Ndinaibisa kumeneko chifukwa cha mwana wanga wamkazi," anafotokoza azakhali. "Yoyamba anaitaya, akuti imanunkha. Ndinati iyi saipeza. Anaipeza wina."

Kenako anagwira dzanja la Dasom, lakuda ndi mwaye, namukhazika pambali pawo.

"Ndakuona ukuchita mantha, mwana iwe, ndiye umve. M'nyanja sitimira mmodzimmodzi, timamira awiriawiri. Mnzako akakukodola kuti chingwe chako chakola pamwala, sumufunsa kuti anabadwa liti. Ine ndili ndi zaka makumi asanu anandikoka tsitsi mtsikana wongoyamba kumene, chifukwa ndinkatsatira nkhono yaikulu mpweya utatsala pang'ono. Ndinamukalipira titafika kumtunda, sindikana. Koma ndikudya mpunga lero chifukwa cha iyeyo. Ulemu ndi wabwino, ndipo usausiye. Uziwerama, uzilandira zinthu ndi manja awiri, uzisankha mawu. Koma mwana amene amaopa nkhope ya wamkulu mpaka kumubisira zoona, ameneyo ndiye amamiza wamkulu. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ukalamba udzafuna mwana wotere pambali pako, ndipo sapezeka wambawamba."

"Nanga wa positi uja?" anafunsa Pilgyu.

"Uja anali wamwano. Iwe khala chete, wosintha zitsulo."

A Bu anauza Pilgyu kuti valavu yakale idakali m'bokosi la zochotsedwa, ndipo Loweruka aitsuke mwaye n'kuipepesa. Pilgyu anavomera akukanda mutu. Kenako Pilgyuyo anamupatsa Dasom nachesi wosenda kale, chinthu chimene sanachitirepo munthu aliyense.

6. Chitunda

Dasom anafufuta cholakwacho pamakina, nyale yachikasu n'kuzima. A Bu anakana kukhulupirira nyale. Anapanikizana atatu kutsogolo, azakhali pachiwongolero, Dasom pakati makina ali pamiyendo, nalunjika msewu wa miyala.

Azakhali sanazembe mwala ngakhale umodzi. Anawatsata onse mwadala, lole ikudumpha, a Bu akugunda mutu kudenga n'kumapempha chifundo. Nyale sinayake. Atafika pachitunda cha kumunda, injini inakoka ndi mphamvu zake zonse mpaka pamwamba, azakhali akuimba lipenga njira yonse ngakhale panalibe wowapingasa.

Anabwerera ku galaja itatsala mphindi khumi kuti ikwane folo. A Bu anatsegula kabati, natulutsa chidindo chawo chamtengo. Dasom anatambasula pepala patebulo, nalisalaza ndi chikhatho, n'kusiyapo chala cha mwaye pakona. A Bu anaviika chidindo mu inki yofiira, nachisindikiza mwamphamvu.

Dasom anawerama katatu, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Anali wokondwa kuposa tsiku lina lililonse la moyo wake, ndipo sanachite manyazi kuti anthu aone.

Azakhali anali atakwera kale m'lole, koma anatsikanso, ulusi uja uli m'manja. Nkhope yawo inali itasintha.

"Iwe Bu, ndakumbukira kanthu. Chaka chino alimi a gulu lathu anagula malole pamodzi. Pa mwambo wa nsomba onse ankaitana ine, poti mfundo yanga simasuka."

"Unamanga pati?"

"Pamalo omwewo. Ndinkawauza kuti ndi pabwino, sipanunkha."

"Malole angati?"

"Khumi ndi awiri. Mawa m'mawa onse akwera msewu wa kuphiri atadzaza manachesi, kuthamangira sitima ya pamadzi kudoko." Anatembenukira kwa Dasom. "Yotsogolera mzere ndi ya bambo ako."

Dasom anapinda pepala lake. Bambo ake sanamulolepo ngakhale kutukula mpando wa lole yawo, ndipo mawu akuti makaniko wamkazi ankawatchula ngati akulavula njere.

A Bu anatola mita, tochi ndi mpukutu wa tepi, naziika m'manja mwa mtsikanayo.

"Makaniko Hyeon," anatero, "uyambire kwanu. Ukagogode pachitseko ngati mlendo, ndipo akatsegula uwaonetse pepalalo."